Andipatsa udindo wotsogolera senta ya luso ndi tekinoloje pa yunivesite: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mayi, ndimaphunzitsa zauinjiniya pa yunivesite ina kuno ku Malawi. Akuluakulu andiuza kuti chaka chamawa nditsogolere senta yatsopano ya kafukufuku, yoti aphunzitsi ndi ophunzira a zojambula, a zamakompyuta ndi a zauinjiniya azitulukira zinthu limodzi. Atipatsa zipinda ziwiri, ndipo bungwe lina lakunja lalonjeza ndalama za zaka zitatu. Anzanga akuti ndiyambe ndi kulemba mndandanda wa makina oti tigule. Ine ndili ndi mantha. Kodi ntchito yeniyeni ya mtsogoleri wa malo otere n'chiyani, ndipo chimagwetsa masenta amenewa n'chiyani?

Yankho: Mayi, zikomo kwambiri pondifunsa, ndipo ndikukufunirani zabwino pa udindo mwalandirawu. Mantha anuwo ndi oyenera. Masenta amtunduwu amatsegulidwa ndi nthungululu, koma si onse amene amakhalabe ndi moyo thandizo loyamba likatha. Mndandanda wa makinawo uyambe wadikira, chifukwa tekinishani wabwino angaulembe bwino kuposa inu ndi ine. Zimene palibe angakugwirireni ndi kudziwa ndalama zoti mulandire ndi zoti mubweze, kuteteza anthu amene abwera kudzagwira nanu ntchito, ndi kuperekeza chinthu chimene mwapanga mpaka chikafike m'manja mwa amene achigwiritse ntchito.

Ndikufotokozerani kudzera m'mbiri ya MIT Media Lab, labu ya kafukufuku ya yunivesite ya MIT ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ndiyo imene ambiri amaonera akamakhazikitsa masenta otere, ndipo zabwino zake ndi zolakwa zake zinalembedwa poyera. Labuyi inatsegulidwa mu 1985. Anaiyambitsa ndi Nicholas Negroponte, amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, pamodzi ndi Jerome Wiesner, amene anali atakhalapo pulezidenti wa MIT. Inamera kuchokera ku kagulu ka kafukufuku kotchedwa Architecture Machine Group, kamene Negroponte anakayambitsa mu 1967. Taonani zakazo bwino. Anthu anayamba agwira ntchito limodzi zaka 18, kenako nyumba yokongola ndi dzina lalikulu n'kubwera pambuyo.

Chimene chinasiyanitsa labuyi ndi ena ndi njira imene ndalama zimalowera. Makampani ambirimbiri amalipira ndalama ya umembala chaka ndi chaka, ndalamazo n'kulowa m'thumba limodzi. Kampani imene yalipira imaloledwa kudzaona zimene zikupangidwa ndi kupindula ndi zimene zatulukiridwa, koma siimilira kumbuyo kwa wofufuza n'kumamuuza choti apange. Ufulu umenewu unabala zinthu zimene mwina mwazigwirapo. Inki ya magetsi ya E Ink, imene ili pa zida zowerengera mabuku monga Kindle, inayambira kumeneko. Pulogalamu ya Scratch, imene ana a m'mayiko ambiri amaphunzirira kulemba mapulogalamu a kompyuta, inatuluka mu 2007 kuchokera ku gulu la Mitchel Resnick. Zidole za maloboti za Lego Mindstorms, zimene zinafika pamsika mu 1998, zinachokeranso pa kafukufuku wa kumeneko.

Koma walira mvula walira matope. Labu yodalira ndalama zotere imasandutsa mtsogoleri wake kukhala wopempha wa tsiku ndi tsiku, ndipo munthu amene wazolowera kupempha amayamba kuvutika kunena kuti ayi. Joi Ito anakhala dayilekita wa labuyi mu 2011. Pa nthawi yake labu inalandira ndalama kwa Jeffrey Epstein, munthu amene mu 2008 anali atavomera mlandu m'khoti ku Florida wonyengerera mtsikana wosakwana msinkhu kuchita zachiwerewere. Ndalamazo zinkalembedwa ngati zochokera kwa munthu wosafuna kutchulidwa dzina. Ena mwa ogwira ntchito mu labu anadandaula, koma sanamvedwe. Nkhaniyi itaululika m'magazini ya The New Yorker, Ito anatula pansi udindo pa 7 September 2019. Lipoti la maloya amene MIT inawalemba ntchito, limene linatuluka mu January 2020, linapeza kuti Epstein anapereka madola 850,000 ku MIT pakati pa 2002 ndi 2017, ndipo madola 525,000 mwa amenewo anapita ku Media Lab. Labu imeneyi inkagwiritsa ntchito madola oposa 70 miliyoni pachaka. Ndalama zimene zinaipitsa dzina lake zinali kachigawo kochepetsetsa ka bajeti yake, koma zinachotsa ofufuza ena, ndipo labu inayendetsedwa ndi komiti mpaka Dava Newman, amene anakhalapo wachiwiri kwa mkulu wa NASA, bungwe la boma la America loona za mlengalenga, anayamba ntchito mu July 2021.

Mwina mukuti munthu ngati Epstein sadzagogoda pa chitseko cha zipinda zanu ziwiri. Zoona. Koma adzabwera wandale wofuna kuti chithunzi chake chikhale pa khoma chisankho chikayandikira. Idzabwera kampani yofuna kuti muisainire kuti katundu wake ndi wabwino musanamuyese. Lidzabwera bungwe lofuna mayina, zithunzi ndi manambala a foni a anthu a m'midzi amene mukugwira nawo ntchito. Nthawi yolemba lamulo la ndalama zimene senta singalandire ndi ino, njala isanafike. Likhale lalifupi, tsamba limodzi: palibe thandizo lobisidwa kwa ogwira ntchito mu senta, palibe thandizo limene inu nokha mwavomereza popanda wina wosainira, ndipo aliyense, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba, akhale ndi koti akadandaule kosadzera pa desiki lanu. Mfundo yomalizayi imawawa kwa mtsogoleri, koma ndi imene inasowa ku Cambridge.

Vuto limene lili pafupi kwambiri ndi inu ndi la chaka chachinayi. MIT yeniyeniyo inayesa kubzala labu yake kwina. Media Lab Europe inatsegulidwa ku Dublin mu 2000 ndi ndalama za boma la Ireland, poyembekezera kuti makampani adzatenga udindo wolipira pakapita nthawi. Makampani sanabwere mokwanira, boma ndi MIT sanagwirizane za amene alipire, ndipo labu inatsekedwa mu January 2005. Ku India anayambitsa Media Lab Asia mu 2001, koma MIT inatulukamo mu 2003. Ngati njira ya umembala wa makampani inakanika ku Dublin, musaiyembekezere kuti idzakusungani ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kumene makampani otha kulipira kafukufuku wosadziwika mathero ake ndi owerengeka.

Choncho musanagwiritse ntchito tambala imodzi ya thandizolo, khalani pansi ndi akuluakulu a yunivesite mugwirizane, molemba, kuti ndi malipiro a anthu ati amene yunivesite ikuwatenga kuyambira lero. Ine ndingalimbikire awiri: tekinishani ndi munthu woyendetsa za ndalama ndi malipoti. Ndalama za bungwe zigule zinthu zimene zikatha senta singafe. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti imene inalembedwa m'makwacha izi zisanachitike sinathenso kugula zimene inalonjeza, chifukwa pafupifupi chida chilichonse cha mu labu chimachokera kunja. Funsani ku ofesi ya zachuma ngati malamulo akulola kuti thandizo lisungidwe mu akaunti ya ndalama zakunja, ndipo pemphani bungwelo kuti mgwirizano ulole kusintha bajeti zinthu zikasintha. Kenako yambani msanga kupeza ndalama zanuzanu, ngakhale zochepa, monga za maphunziro aafupi a anthu ogwira kale ntchito kapena kukonza zida za mabungwe ena. Kungoti muike malire, senta isasanduke shopu yosindikiza zikwangwani.

Tsopano za anthu, pamene ine ndimaona kuti atsogoleri ambiri amalakwira anzawo mosadziwa. Mphunzitsi wachinyamata akabwera ku senta yanu n'kutha zaka ziwiri akupanga chida pamodzi ndi anamwino kapena alimi, amasindikiza mapepala a kafukufuku ochepa kuposa mnzake amene anatsala ku dipatimenti. Nthawi yokweza anthu pantchito ikafika, komiti imawerenga mapepala. Mnzakeyo amakwezedwa, iye n'kutsala. Aphunzitsi ena amaona zimenezi, ndipo chaka chotsatira mukaitana sabwera. Sikuti amadana ndi senta ayi, ali ndi mabanja oti awasamale.

Media Lab inathana ndi vutoli pokhala ndi pulogalamu yakeyake ya maphunziro, ya Media Arts and Sciences, imene imalemba aphunzitsi ake ndi kusankha ophunzira ake a masters ndi PhD. Ku yunivesite ya Stanford, ku America komweko, anatenga njira ina. Sukulu yawo yotchuka ndi dzina loti d.school, imene David Kelley ndi anzake anayambitsa ndipo Hasso Plattner anaipatsa madola 35 miliyoni mu 2005, kwa zaka zambiri sinkapereka digiri iliyonse. Ophunzira ankachokera ku zamankhwala, zamalamulo, zabizinesi ndi zauinjiniya, kudzatenga kosi, n'kubwerera kwawo. Ndi zipinda ziwiri ndi ndalama za zaka zitatu, njira yachiwiriyi ndiyo ikukuyenerani, chifukwa simulimbirana ophunzira ndi madipatimenti. Koma ili ndi mtengo wake: anthu anu onse ndi obwereka. Muyenera kuyendera mkulu wa dipatimenti iliyonse, mmodzimmodzi, mu ofesi mwake, kugwirizana maola amene mphunzitsi akumasulidwa. Muyeneranso kupita ku seneti, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ndi pempho loti chida chimene chayesedwa n'kugwira ntchito, pulogalamu imene anthu akuigwiritsa ntchito, kapena chionetsero cha zaluso chimene akatswiri akunja kwa yunivesite achiunika, ziziwerengedwa pokweza munthu. Nkhondo imeneyi ndi yaitali ndipo ilibe zithunzi za m'nyuzipepala. Imenyeni kuyambira chaka choyamba, nthawi imene akuluakulu akadali okondwa nanu.

Poti ndinu injiniya, ndikupempheni chinthu chimodzi mwapadera. Musaitane a zojambula kumapeto, kuti adzangosankha mtundu wa penti ndi kujambula chizindikiro. Akamva kuti ntchito yawo ndi yokongoletsa zimene ena aganiza kale, achoka mwakachetechete, ndipo senta idzakhala dipatimenti ina ya uinjiniya yokhala ndi dzina lalitali. Nkhani ya Joy Buolamwini, amene makolo ake ndi a ku Ghana, ikuonetsa chimene mungataye. Ali wophunzira ku Media Lab ankapanga galasi lodziyang'anira la zaluso, loti lizionetsa chithunzi china pamwamba pa nkhope ya munthu. Pulogalamu yozindikira nkhope inkalephera kuona nkhope yake yakuda mpaka atavala chigoba choyera. Kuchokera pa ntchito ya zalusoyo munatuluka kafukufuku wa Gender Shades wa mu 2018, amene anachita ndi Timnit Gebru. Anasonkhanitsa zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, n'kuyesa mapulogalamu a IBM, Microsoft ndi Face++. Pozindikira ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, kulakwitsa kunafika 34.7 peresenti pa amayi akhungu lakuda, pomwe pa abambo akhungu loyera sikunapitirire 0.8 peresenti. Funso lalikulu chonchi linayambira pa munthu amene anapatsidwa mpata woseweretsa makina m'njira imene opanga makinawo sanaiganizire.

Tekinishaninso musamuike kumbuyo. Sukulu ya Bauhaus, imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar m'dziko la Germany mu 1919, m'zaka zake zoyamba inkaika aphunzitsi awiri pa wekishopu iliyonse: katswiri wa zojambula ndi mmisiri wodziwa matabwa, chitsulo kapena nsalu. Kwathu kuno mmisiri wa mu labu nthawi zambiri amangosunga makiyi, dzina lake osaoneka pa pepala lililonse. Muikeni pa misonkhano yokonza mapulani, mumutumize ku maphunziro, ndipo akathandiza kutulukira chinthu alembedwe pamodzi ndi ena. Amisiri owotcherera ndi okhoma zidebe a ku Ndirande, kapena akalipentala a ku Mchesi, amadziwa chitsulo ndi matabwa amene akupezeka pamsika sabata ino, ndi mtengo umene munthu wamba angalipire. Aitaneni ngati aphunzitsi, ndipo muwalipire ngati aphunzitsi.

Ntchito yovuta kuposa zonse ndi yotulutsa chinthu pa geti la yunivesite. Media Lab inatchuka ndi mwambo woti wofufuza aliyense azikhala ndi choonetsa alendo, chogwira ntchito pamaso pawo. Mwambowu uli ndi ubwino wake, chifukwa umakakamiza anthu kupanga m'malo mongolankhula. Koma chinthu chogwira ntchito mphindi zisanu pamaso pa mlendo chimasiyana kwambiri ndi chinthu chogwira ntchito chaka chathunthu m'manja mwa munthu wotopa. Mu 2005 Negroponte analengeza za One Laptop per Child, laputopu ya madola 100 ya ana a m'mayiko osauka. Itayamba kupangidwa mtengo unafika pafupifupi madola 188. Dziko la Peru linagula ambiri, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 sanapeze umboni woti ana amene anawalandira anayamba kukhoza bwino masamu kapena chilankhulo. Makinawo anali opangidwa mwaluso, koma za aphunzitsi, za okonza akawonongeka ndi za zoti ana aziphunzira nawo sizinakonzedwe mofanana. Choipa kuposa apo chinachitika ndi pulojekiti ya OpenAg, ya mabokosi olimiramo mbewu oyendetsedwa ndi kompyuta. Mu 2019 ena amene anagwirapo ntchito kumeneko anauza atolankhani kuti mabokosiwo sankagwira ntchito monga ankanenera, ndipo nthawi zina ankaikamo mbewu zomera kwina alendo akamabwera. MIT inatseka pulojekitiyi mu 2020. Apa m'pamene mwambo woonetsa alendo umathera, mtsogoleri akamafunsa ngati alendo akondwa n'kuiwala kufunsa ngati chinthucho chikugwiradi ntchito.

Chitsanzo cha njira yabwino chili pakhomo pathu. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anayamba ngati ntchito ya ophunzira a Rice University ya ku Houston, pansi pa senta ya Rice 360 imene anayambitsa Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makinawa amatumiza mpweya m'mphuno mwa khanda pa mphamvu yochepa yosasinthasintha, kuti mapapo ake asamafwefwentheke akapumira kunja, ndipo mphamvuyo imayezedwa ndi kuya kwa kachubu m'botolo la madzi. Makina otere a m'mayiko olemera ankagulidwa madola masauzande angapo. Ophunzirawo anagwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba zokongoletsa m'nyumba, mtengo n'kutsika kufika pa madola mazana angapo. Sanalekere pa chionetsero. Makina anayesedwa m'wodi ya makanda mu 2012, ndipo zotsatira zimene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anasindikiza mu 2014 zinaonetsa kuti makanda 71 pa 100 alionse amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene analandira okosijeni yekha.

Ngakhale pamenepo ntchito inali isanathe. Makina atafalitsidwa m'zipatala za m'maboma, kunaoneka kuti khanda lofika thupi litazizira limakhalabe pa chiopsezo chachikulu ngakhale makina alipo. Kunafunika zofunditsira, okosijeni wodalirika, anamwino ophunzitsidwa, ndi amisiri okonza zida zikawonongeka. N'chifukwa chake mu 2016 kunatsegulidwa situdiyo yopangira zinthu ku Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, kuti ophunzira a konkuno azipanga ndi kukonza zida okha. Ndipo mu 2019 kunayamba mgwirizano wa NEST360 ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, woona za chisamaliro chonse cha khanda m'malo mwa makina amodzi. Kuchokera pa ntchito ya ophunzira kufika apa panadutsa pafupifupi zaka khumi. Pitani mukacheze ndi amene akuyendetsa situdiyo imeneyi, adzakuuzani zambiri zimene sizili m'malipoti.

M'nkhani yonseyi, onani pamene panafunika atsogoleri. Wophunzira sangalowe yekha m'wodi ya makanda. Pamafunika munthu amene wamanga ubale ndi chipatala kwa zaka, amene amadziwa njira yopezera chilolezo ku makomiti oona za ufulu ndi chitetezo cha anthu pa kafukufuku monga COMREC ndi NHSRC, amene angalankhule ndi unduna, ndi a Malawi Bureau of Standards, ndi kampani imene idzapange chinthucho chochuluka. Munthu ameneyo ndi inu. Chifukwa chake ndikulangizani kuti musankhe mavuto awiri okha, kapena limodzi, ndi anzanu akunja kwa yunivesite amene muyende nawo zaka zonse zitatu. Senta imene chaka chino ikupanga za ulimi, chaka chamawa za madzi, china za zikwama za mafashoni, potsata kumene kwamveka ndalama, imadzaza mashelefu ndi zinthu zoyesera zimene palibe anazigwiritsapo ntchito. Ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse khalani ndi tsiku lounika mapulojekiti, pomwe ena aziimitsidwa poyera, eni ake n'kuthokozedwa pa zimene aphunzitsa gulu. Ngati kuimitsa pulojekiti kuli kochititsa manyazi, anthu adzayamba kubisa zolephera, ndipo mwaona kale kumene msewu umenewo unafikitsa OpenAg.

Za umwini wa zotulukiridwa zikambidwe chinthu choyamba chisanapangidwe, anthu akadali pa ubale wabwino. Wophunzira akatulukira chinthu pogwiritsa ntchito zida za senta, n'chayani? Nanga mmisiri wa kumsika amene anasintha kapangidwe kake kuti katheke kuwotcherera? Nanga bungwe limene lapereka ndalama? Ku America lamulo la Bayh-Dole la 1980 linalola mayunivesite kukhala eni a zimene atulukira ndi ndalama za boma. Inu werengani ndondomeko ya yunivesite yanu, ndipo ngati ilibe, ilembeni ndi loya wake. Kuno patenti, chikalata choteteza umwini wa chinthu chimene munthu watulukira, imalembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za umwini wa zotulukiridwa, kapena kudzera ku bungwe la mayiko a mu Africa la ARIPO ku Harare ngati mukufuna chitetezo m'mayiko angapo, pomwe zojambula, nyimbo ndi zolemba zili pansi pa Copyright Act ya 2016 ndi COSOMA. Chenjezo limodzi lofunika: chinthu chikaonetsedwa poyera, kaya pa chionetsero cha zamalonda kaya pa Facebook, musanapereke pempho la patenti, mukhoza kutaya mwayi woitenga, chifukwa sichionedwanso ngati chatsopano. Komabe musayese senta yanu ndi kuchuluka kwa mapatenti. Amadya ndalama chaka ndi chaka, ndipo zinthu zina zimafika patali zikaperekedwa mwaulere, monga inachitira Scratch.

Tsopano makina aja. Gulani ochepa, olimba, amene zida zake zosinthira mungazipeze, ndipo pa makina alionse ikani pambali ndalama za zipangizo ndi zokonzera za zaka zitatu. 3D printer yopanda pulasitiki wake ndi bokosi chabe. Yambani ndi magetsi osazimazima, intaneti, matebulo aakulu, zida za m'manja, makina osokera, zowotcherera mawaya ndi zodzitetezera. Kambiranani ndi a ofesi yogula katundu za njira yovomerezeka yogulira tizinthu ting'onoting'ono mwachangu, chifukwa wophunzira amene wadikira miyezi itatu kuti kachida ka mtengo wa botolo la zakumwa kadutse m'makomiti amataya mtima. Zipinda zanu ziwirizo musazinyoze. Ku MIT komweko kunali nyumba ya matabwa yotchedwa Building 20, imene inamangidwa mwachangu mu 1943 pa kafukufuku wa nthawi ya nkhondo, poganiza kuti igwetsedwa nkhondo ikangotha. Inakhala mpaka 1998, ndipo ofufuza ankaikonda chifukwa ankatha kuboola khoma ndi kudutsitsa mawaya popanda kupempha chilolezo. Chipinda chanu chikhale choti munthu angadetse. Chizitsegulidwanso madzulo ndi Loweruka, ndipo muganizire za kuwala kwa panjira ndi chitetezo, kuti atsikana asamachoke msanga n'kusiyira anyamata makina.

Za inu mwini, ndikuuzeni zoona: kafukufuku wanu adzabwerera m'mbuyo. Masiku anu adzatha ndi misonkhano, malipoti, alendo ndi kuyanjanitsa anthu amene sanazolowere kulankhulana. Pemphani kuti akuchepetsereni makalasi, ndipo zilembedwe m'kalata ya udindo wanu. Sankhani wachiwiri wanu kuchokera ku zojambula kapena ku zamakompyuta, osati injiniya mnzanu, ndipo mumupatse mphamvu zenizeni pa gawo la bajeti. Pa ntchito za ophunzira ndi aphunzitsi aang'ono dzina lanu lisamayambe, ndipo atolankhani akabwera muwatsogoze amene anapanga chinthucho. Pemphaninso kuti udindowu ukhale ndi malire a zaka, kuti muyambe lero kukonzekeretsa wodzalowa m'malo mwanu. Komiti yolangiza ikhale yaing'ono, ndipo mukhale anthu akunja kwa yunivesite, monga namwino, mwini fakitale kapena mphunzitsi wa kusekondale, amene sadalira inu pa malipiro awo ndipo angakuuzeni kuti chinthu chakuti sichikugwira ntchito.

Pa miyezi imene yatsala musanayambe, tsatani makalata atatu: ya yunivesite yovomera kulipira tekinishani ndi woyendetsa za ndalama, ya akulu a madipatimenti yomasula maola a aphunzitsi, ndi ya mnzanu woyamba wakunja, kaya ndi chipatala, kaya ndi gulu la alimi kapena kampani, yonena vuto limene akufuna kuti muthane nalo limodzi. Ngati kalata yoyambayo yakanika, auzeni a bungwe lopereka thandizo mgwirizano usanasainidwe. Iwo ali ndi mphamvu yopempha yunivesite kuti iikepo gawo lake, ndipo mphamvu imeneyo imachepa kwambiri ndalama zikangolowa mu akaunti.